Wodziwa kuti mwana akuzunzidwa alankhule, koma adziwe womuuza

Ikamveka nkhani yoti mwana wapezeka atazunzidwa kwa miyezi yambiri, kenako n'kudziwika kuti aphunzitsi ankaona zizindikiro, achipatala anamumangapo mabala, apolisi anafikapo pakhomopo, anthu amagawikana pawiri. Ena amati ogwira ntchito zoteteza ana amabisala kuseri kwa mawu akuti "chinsinsi" pothawa udindo, choncho nkhani zoterezi ziziululidwa poyera, ngakhale pa Facebook. Ena amati ayi, banja lililonse lili ndi ufulu woti za m'nyumba mwake zisamayende m'maofesi, ndipo amene wauzidwa zakukhosi chifukwa cha ntchito yake azitseka pakamwa. Ine ndili ndi mbali pa mkanganowu ndipo ndiitchuliretu. Munthu amene ntchito yake yamuonetsa kuti mwana ali pa chiopsezo ayenera kuuza msanga anzake amene ali ndi mphamvu yochitapo kanthu, ngakhale makolo atakana, ngakhale umboni usanakwane. Koma auze okhawo, ndipo awauze zokhazo zimene zingawathandize kupulumutsa mwanayo. Chinsinsi timachisunga kuti chiteteze mwana. Chikayamba kuteteza womuzunza, kapena kuteteza wogwira ntchito kuti asavutike ndi mafunso, ndiye kuti tikuchisungira munthu wolakwika.

Chifukwa changa chachikulu n'chakuti nkhanza zochitira ana sizionekera zonse kwa munthu mmodzi. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 7. Mphunzitsi wake waona kuti savula juzi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo akamuweramira kuti aone kope lake, mwanayo amadzidzimuka n'kuphimba mutu ndi mkono. Mwezi watha namwino anamumanga bala pachigongono, mayi ake n'kunena kuti anagwa posewera. Usiku wina wapolisi anaitanidwa pakhomopo chifukwa cha ndewu ya makolo, anawaleretsa, n'kulemba mizere iwiri m'buku osatchula kuti m'nyumbamo munali mwana. Aliyense mwa atatuwa wagwira kachidutswa kamene pakokha sikoopsa kwenikweni, pakuti ana amagwa, ana ena ngamanyazi, ndipo mabanja amayambana. Koma zidutswazo zikaikidwa pa tebulo limodzi, pamaoneka mwana amene akumenyedwa. Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Mphunzitsi akakhala chete podikira kuti atsimikize, namwino nayenso n'kukhala chete, wapolisi chimodzimodzi, palibe amene adzatsimikize, chifukwa chotsimikizira cha aliyense chili m'manja mwa mnzake.

Izi si zongoyerekeza. Victoria Climbié anabadwira ku Ivory Coast mu 1991, ndipo wachibale wina anamutenga atalonjeza makolo ake kuti akamuphunzitsa ku Ulaya. Anamwalira ku London pa 25 Febuluwale 2000 ali ndi zaka 8, ndipo dokotala amene anapima mtembo wake anawerenga mabala ndi zipsera 128. Chopweteka kwambiri n'chakuti mwanayu sanali wobisika. M'miyezi yosakwana 12 imene anakhala ku England, nkhani yake inafika m'maofesi anayi oona za chisamaliro cha anthu, inafika kwa magulu awiri a apolisi oteteza ana, ndipo iyeyo anagonekedwa m'zipatala ziwiri zosiyana. Kafukufuku amene anatsogolera Lord Laming, yemwe lipoti lake linatuluka mu Januwale 2003 lili ndi malangizo 108, anasonyeza kuti panali mipata yosachepera 12 yoti mwanayu apulumutsidwe. Patapita zaka 12 chimwalirireni Victoria, mu Malichi 2012, mnyamata wa zaka 4, Daniel Pelka, anafa mumzinda wa Coventry atamanidwa chakudya ndi kumenyedwa kunyumba kwawo. Aphunzitsi ankamuona akutola zakudya m'mabini, achipatala anamulandirapo atathyoka mkono, apolisi anaitanidwa kunyumbako kambirimbiri chifukwa cha ndewu. Odziwa analipo ambiri, koma zimene ankadziwazo sizinakumane pa nthawi yake. Ndikutchula za ku England osati chifukwa chakuti kumeneko ndi kumene ana amazunzidwa kwambiri, koma chifukwa kumeneko imfa zotere zimafufuzidwa ndipo malipoti ake amaikidwa poyera kuti tonse tiwerenge.

Tsopano timve otsutsa, pakuti mfundo zawo si zopanda pake. Yoyamba, imenenso ndi yolemera kuposa zonse, ndi ya kukhulupirirana. Iwo amati mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake amaulula kwa namwino chifukwa akudziwa kuti zithera m'chipindamo, ndipo mtsikana amene wagwiriridwa ndi wachibale amanong'oneza mphunzitsi wake atayamba wanena kuti, "Koma musauze munthu." Zikadziwika kuti chilichonse chonenedwa chimakafika ku polisi, anthu adzasiya kulankhula, ndipo ana ovutika mwakachetechete adzachuluka kuposa opulumutsidwa. Manthawa ndi enieni, sindingawapeputse. Koma taonani pamene chikhulupiriro chimaswekera. Chimasweka mwana akalonjezedwa kuti nkhani yake sipita kulikonse, kenako n'kungoona galimoto ya polisi yaima pakhomo iye osadziwa kanthu. Mankhwala ake ndi kusalonjeza chimene sungasunge. Mwana akati "musauze munthu", wamkulu woona mtima amayankha asanamve n'komwe nkhaniyo: "Mwanawe, sindiuza anzako, sindiuza aphunzitsi ena. Koma ngati wina akukupweteka, ndiyenera kuuza munthu amene angaletse zimenezo, ndipo ndikuuza kuti ndi ndani ndisanapite." Mwana wina akamva zimenezi angabweze mawu tsiku limenelo, ndipo zimawawa kumuona akutuluka asananene. Komabe watuluka akudziwa kuti wamkuluyu sanama. Tisaiwalenso chimene chimamufikitsa mwana poulula: akufuna kuti zileke. Ukamumvetsera, n'kumupukuta misozi, n'kumubweza kunyumba komweko popanda chosintha, chimene waphunzira n'chakuti kulankhula kulibe phindu, ndipo sadzayesanso kwa munthu wina.

Nanga makolo? Pano ndikuvomereza kuti nthawi zambiri ayenera kuuzidwa kumene nkhani ikupita ndi chifukwa chake. Mabanja ambiri amene amafika m'manja mwa ogwira ntchito zosamalira anthu si ankhanza. Ndi mabanja amene apanikizika ndi umphawi, matenda kapena imfa, ndipo pa iwowa kupempha chilolezo musanatumize nkhani yawo kwina ndi ulemu umene akuyenera kulandira. Koma pamene amene ukumukayikira ndi khololo, kupempha chilolezo n'chimodzimodzi kumuchenjeza. Akaopseza mwanayo usiku womwewo, afufuta mauthenga pafoni, mwinanso asamuka m'mawa kusanache.

Mfundo yachiwiri ndi ya malamulo. Ogwira ntchito ambiri amanena moona mtima kuti, "Ndinkafuna kunena, koma lamulo silindilola." Ndi zoona kuti ufulu wa mwana wosungiridwa chinsinsi ndi wolembedwa. Pangano la ufulu wa ana limene bungwe la United Nations linavomereza pa 20 Novembala 1989 limanena mu ndime 16 kuti za moyo wa mwana, banja lake ndi nyumba yake zisalowereredwe mwachisawawa kapena mophwanya lamulo, ndipo pangano la mayiko a mu Africa la ufulu ndi umoyo wa ana la mu 1990 limanenanso zofanana mu ndime 10. Koma pangano lomwelo la mu 1989, mu ndime 19, limalamula mayiko kuteteza ana ku nkhanza zamtundu uliwonse, ndipo limatchula mwachindunji njira zozindikirira, zoperekera lipoti, zotumizira nkhani kwa oyenera, zofufuzira ndi zotsatirira. Simungatumize nkhani kwa oyenera musanawauze kanthu. Choletsedwa ndi kulowerera mwachisawawa, ndipo kuuza wofufuza za mwana amene ali ndi zipsera za lamba kumsana si chisawawa. Pamene lamulo lokhwima loteteza mbiri za anthu la mayiko a ku Ulaya, lotchedwa GDPR, linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, boma la Britain linatulutsa malangizo chaka chomwecho otsindika kuti lamuloli sililetsa kugawana nkhani pofuna kuteteza ana, popeza chilolezo si maziko okhawo amene lamuloli limavomereza. Kupulumutsa moyo ndi maziko enanso. Choncho nthawi zambiri chimene chimamanga lilime la wogwira ntchito si lamulo koma mantha: kuopa kudzudzulidwa ndi bwana, kuopa kusumiridwa, kuopa kudana ndi banja lodziwika. Mlandu wa manthawo ndimauika pa mabwana amene sanamuphunzitse, ndipo sanamutsimikizire kuti akanena ndi mtima wabwino adzaima naye.

Mfundo yachitatu ndi ya amene amaopa boma losuzumira m'nyumba za anthu, ndipo pano ndigwirizana nawo kwambiri kuposa mmene angayembekezere. Imfa ya Victoria Climbié itachitika, England inakhazikitsa kaundula wa pakompyuta wotchedwa ContactPoint, woti akhale ndi mayina a ana onse pafupifupi 11 miliyoni. Anadya mapaundi 224 miliyoni, ndipo anatsekedwa mu Ogasiti 2010 atagwira ntchito kwa nthawi yochepa, pakati pa madandaulo oti anthu ochuluka kwambiri akanatha kuona za ana amene analibe vuto lililonse. Ku Scotland, lamulo la mu 2014 linakonza zoti mwana aliyense akhale ndi munthu wosankhidwa womuyang'anira, monga namwino woyendera makanda kapena mphunzitsi wamkulu, yemwe azilandira ndi kugawana nkhani zokhudza umoyo wa mwanayo. Mu Julayi 2016 khothi lalikulu kwambiri la Britain linagamula kuti cholingacho chinali chabwino, koma mbali yogawana nkhani inali yosemphana ndi ufulu wa banja wokhala ndi chinsinsi, ndipo mu Seputembala 2019 boma la Scotland linasiya ndondomekoyo. Phunziro lake si lakuti kugawana nkhani n'koipa. Ndi lakuti payenera kukhala mulingo. Kukayikira kuti mwana akupwetekedwa kapena wasiyidwa pa ngozi ndi chifukwa chokwanira cholankhulira popanda chilolezo, pomwe kusakondwa ndi mmene makolo akulerera mwana wawo si chifukwa chokwanira. Ndiponso kuunjika nkhani za ana onse sikuthandiza mwana amene ali pa moto, chifukwa fayilo yake imamira pakati pa mafayilo zikwizikwi a ana amene ali bwinobwino. Chimene ndikuchirikiza ine ndi chaching'ono poyerekeza ndi zimenezo: munthu mmodzi wodera nkhawa mwana mmodzi aimbire foni munthu woyenera lero lomwe.

Mfundo yachinayi imanena za mabodza. Bwanji ngati nkhaniyo si yoona? Anansi amanamizirana, okwatirana akasiyana amanamizirana polimbirana ana, ndipo dzina la munthu likangolembedwa mu fayilo kuti ndi wokayikiridwa, limamutsatira zaka zambiri. Izinso n'zoona. Koma yankho lake lili m'kalembedwe, osati m'kukhala chete. Wotumiza nkhani asiyanitse zinthu zitatu: zimene waona ndi maso ake, zimene wauzidwa ndi amene wamuuza, ndi zimene iye akuganiza. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kulemba kuti "bambo ake amamumenya" ndi kulemba kuti "Lachiwiri m'mawa ndinaona mikwingwirima itatu kuseri kwa ntchafu yakumanzere, nditamufunsa anati, 'Adadi anakwiya', ine ndikuda nkhawa kuti mwina anakwapulidwa." Chiganizo choyambacho ndi chigamulo, ndipo mphunzitsi si woweruza. Chachiwiricho ndi umboni umene wofufuza angauyese, ndipo ngati bamboyo ndi wosalakwa, kalembedwe kotere ndi kamene kangamuyeretse. Zikapezeka kuti panalibe vuto, zimenezonso zilembedwe mu fayilo yomweyo momveka bwino, ndipo onse amene anauzidwa poyamba auzidwenso. Komanso kuopa mabodza kuli ndi ngozi yake. Lipoti la mu Meyi 2022 lofufuza imfa za ana awiri amene anaphedwa ku England mu 2020 linapeza kuti achibale anadandaula mobwerezabwereza, koma madandaulo awo sanapatsidwe kulemera koyenera, ndipo pa mwana mmodzi ena anatengedwa ngati a njiru chabe.

Otsutsa otsiriza ali mbali inayo, ndipo masiku ano ndi amene mawu awo amamveka kwambiri. Iwo amati maofesi amachedwa, mafayilo amasowa, ozunza olemera amagula chilungamo, choncho njira yokhayo ndi kujambula mwanayo ndi mabala ake n'kuika pa masamba a mchezo kuti akuluakulu achite manyazi. Mkwiyo wawo ndimaumva, ndipo sindikana kuti pali milandu imene inayenda chifukwa anthu anachita phokoso. Koma funso limene ndimafunsa pa munthu aliyense wouzidwa nkhani ya mwana ndi ili: ameneyu akadziwa, amuchitira chiyani mwanayo? Wofufuza akafunsa mafunso, dokotala amupima ndi kumupatsa mankhwala, woweruza angalamule kuti achotsedwe pamalo oopsa. Nanga anthu zikwi makumi asanu amene aona chithunzicho pafoni? Alemba mawu achisoni, atumizira anzawo, mawa aiwala. Amene saiwala ndi anzake a kusukulu, amene azimuloza chala, ndi womuzunza uja, amene tsopano wadziwa kuti mwanayo walankhula ndiponso kumene akusungidwa. Mtsikana wa zaka 9 amene wajambulidwa lero adzakhala wa zaka 19, akufuna ntchito kapena banja, chithunzicho chikadali pa intaneti pamodzi ndi dzina lake. Madzi akatayika saoleka. Kuphimba maso ake pachithunzi sikuthandiza ngati mwatchula sukulu yake, dera lake ndi ntchito ya bambo ake, chifukwa onse omudziwa amuzindikira. Ngati ofesi yagona, phokoso lichitike ndithu, koma lilunjike pa ofesiyo: tchulani tsiku limene lipoti linaperekedwa ndi masiku amene apita popanda yankho, pitani kwa wamkulu wake, pitani kwa oona za ufulu wa anthu. Zonsezi zimatheka popanda nkhope ya mwana.

Ndiwonjezepo mawu kwa ogwira ntchito eniake, chifukwa kutayikira kwambiri kwa nkhani za ana sikuchokera kwa anthu oipa mtima. Kumachokera pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito makumi anayi, pamene wina amaponya chithunzi cha mabala a mwana pofunsa nzeru, chithunzicho n'kukhala m'mafoni makumi anayi amene madzulo ana a eniake amaseweretsa. Kumachokera pa fayilo yosiyidwa yotsegula pa desiki nthawi ya nkhomaliro, ndi pa nkhani yokambidwa mokweza m'khonde la chipatala. Kumachokeranso ku mabungwe amene amaika nkhope za ana ozunzidwa m'malipoti awo pofuna kukhudza mitima ya opereka thandizo. Ndiponso ngakhale pakati pa oyenera kudziwa, si onse ofunika kudziwa zonse. Mphunzitsi wamkulu ayenera kudziwa kuti munthu wakutiwakuti asaloledwe kudzatenga mwanayu pa geti, koma sayenera kudziwa tsatanetsatane wa zimene dokotala anapeza pomupima. Banja limene lamulandira mwanayo liyenera kudziwa mankhwala amene akumwa ndi nthawi yake, koma mbiri ya matenda a mayi ake omubereka si yawo. Mwanayonso, malinga ndi msinkhu wake, afunsidwe maganizo ake, monga ndime 12 ya pangano la mu 1989 imanenera. Angakuuzeni kuti, "Auzeni azakhali, koma agogo ayi," ndipo nthawi zambiri amakhala ndi chifukwa chimene inu simunachiganizire.

Pali chinthu chimodzi chimene mbali zonse za mkanganowu zimachidumpha, ndicho chimene chimachitika nkhani ikaperekedwa. Ana ena amene malipoti aja amawalira, nkhani zawo zinatumizidwa ndithu, koma wotumiza anakhazika mtima pansi poganiza kuti wolandira wanyamula katunduyo, pomwe wolandira anaganiza kuti ndi uthenga wongomudziwitsa. N'chifukwa chake madera ambiri a ku England anayamba kukhazika apolisi, azaumoyo ndi oona za chisamaliro cha ana m'chipinda chimodzi, kuti nkhani ikafika aionere pamodzi ndi kugwirizana amene apite. Si kulikonse kumene kungakhale chipinda chotere, koma mwambo wake sufuna ndalama. Mphunzitsi wa mtsikana wa juzi uja akaimba foni Lachisanu, alembe m'buku nthawi imene waimba, dzina la amene walankhula naye, zimene wanena ndi chifukwa chake sanayambe wauza makolo. Asanadule foni afunse kuti, "Ndiye apita ndani, ndipo liti?" Lolemba m'mawa ayang'ane ngati mwanayo wabwera m'kalasi, ndipo kaya wabwera kaya sanabwere, aimbenso kufunsa ngati munthu uja anapitadi.